Amene Anasiya Machesi Pazenera

Mu June 1986, patangotha milungu 7 chiphulikireni malo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl, ku America kunatuluka filimu yotchedwa The Manhattan Project. Anaikonza ndi Marshall Brickman, katswiri wa nthabwala amene anali atatchuka kale polemba limodzi ndi Woody Allen filimu ya Annie Hall. Nkhani yake ndi ya Paul Stephens, mnyamata wa kusekondale m'tauni ya Ithaca, m'chigawo cha New York. Mwanayu ndi wamutu, ndipo sukulu yamuchepera. Zimene aphunzitsi akulemba pabolodi iye anazimeza kalekale, ndiye masiku amangomuthera pa zachibwana. Koyambirira timamuona akutchera mnzake wam'kalasi timankhwala tongoti phu, kuti anzake aseke. Kumapeto mwana yemweyo wanyamula bomba la atomu lopanga yekha, asilikali amuzungulira ndi mifuti, ndipo wotchi ya bombalo yayamba kuwerenga chotsitsa.

Ambiri amaiika filimuyi m'gulu la zoimitsa mtima, koma nthabwala zili ponseponse, ndipo ndi zija umaseka kenako n'kudzifunsa kuti kodi ndikusekeranji. Ndi mphwake wa mafilimu ena awiri otchuka kuposa iyo, Dr. Strangelove ya 1964 ndi WarGames ya 1983. Onse atatu amasereula chinthu chimene chinapha anthu pafupifupi 140,000 ku Hiroshima chaka cha 1945 chisanathe. Munthu wamtima wake angafunse kuti choseketsa pamenepo n'chiyani. Kuti chimveke, tiyeni kaye kutchire la kumudzi m'mwezi wa September.

Chimanga chalowa m'nkhokwe, sukulu atsekera, kumunda kulibe ntchito yoti mwana n'kutopa nayo. Udzu wauma gwa, ukungoti tswatswa munthu akaupondapo. Anyamata anayi kaya asanu atola makasu, agalu ali pambuyo, ndipo m'thumba la kabudula wa mmodzi muli bokosi la machesi limene walipeza pazenera kwawo. Palibe amene akufuna kuwotcha mudzi. Akufuna mbewa, chifukwa udzu ukapsa mauna amaonekera poyera ndipo kukumba sikuvuta. Wamkulu pagulupo agwada, atchinga mphepo ndi dzanja, akhwatcha kamtengo kamodzi. Poyamba moto umayenda mwaulemu, anyamata akuulondola pambuyo akuimba likhweru. Kenako mphepo itembenuka. Malawi adumpha kanjira ka kudambo, alowa m'tsekera, agwira mitolo ya udzu wofolerera imene mayi wina anamweta mwezi wathunthu n'kuitsamiritsa pamtengo. Anthu akamafika ndi nthambi zaziwisi, nkhokwe ya kumapeto kwa mudzi yayamba kale kufuka.

Mawa lake pabwalo ana akhala pansi, maso ali kudothi, aliyense akuti si ine. Koma mlandu wa moto sutherapo pa ana okha. Nduna ya mfumu imafunsa kuti machesiwo anali a yani, ndipo anasiyidwa pati. Imafunsanso mwini nkhokwe kuti chilimwe chonsechi analephera bwanji kulambula udzu umene unafika mpaka pamiyendo ya nkhokwe yake. Apa anthu amayamba kusekera m'manja, chifukwa bambo amene akufuula kwambiri kuti anawa akwapulidwe ndi yemwe machesi ake akusowa kuyambira dzulo m'mawa.

Mafilimu amenewa amaseka pamenepo. Mwana ndi nyambo chabe. Ozengedwa mlandu ndi akuluakulu.

Moto womwewu ungatithandize kumvetsa bombalo. Pali maatomu ena olemera kwambiri, makamaka yureniyamu wa mtundu wa 235 ndi pulutoniyamu wa mtundu wa 239, amene kanthu kakang'ono kotchedwa nyutiloni kakawagunda amang'ambika pakati. Pong'ambikapo amatulutsa kutentha, komanso manyutiloni ena awiri kapena atatu. Amenewo akagunda maatomu oyandikana nawo, nawonso ang'ambika, n'kutulutsa ena, ndipo zipitirira choncho. Ndi mmene udzu woyaka umayatsira unzake. Pamalo pamene ng'ombe zadya mpaka udzu watsala wa apo ndi apo, mukhoza kumaliza bokosi lonse moto osapita patali: kachitsotso kamodzi kapsa, nthethe zigwera padothi, basi zathera pomwepo. Koma udzu ukakhala wothithikana, nthethe iliyonse imapeza pogwera. Akale anati moto umapita kumene kwatsala tchire. Kachidutswa kochepa ka pulutoniyamu kamataya manyutiloni ake kunja asanagunde kanthu. Akachuluka ndi kuthinana kufika pamlingo wina, ogunda amaposa otayika, ndipo zikatero palibenso nthambi yaiwisi imene ingathandize.

Malo opangira magetsi a nyukiliya ali ngati kuwotcha kwa mlimi wosamala, amene walambula malire, wadikira kuti mphepo igone, ndipo akuyatsa chigawo chimodzi panthawi. Mkati mwake amaikamo ndodo zapadera zomeza manyutiloni otsala, kuti atomu imodzi iziyatsa inzake imodzi yokha. Bomba ndiye tchire lonse kupsa kamodzin'kamodzi, munthu asanaphethire n'komwe. Ku Nagasaki, pa 9 August 1945, pulutoniyamu wolemera makilogalamu 6, wosaposa lalanje lalikulu, anaphulika ndi mphamvu ya matani pafupifupi 21,000 a mabomba wamba. Fanizo lathu limalephera malo amodzi. Lupsa limaphuka msipu mvula yoyamba ikangogwa, pomwe bomba limasiya m'matupi mwa anthu poizoni wosaoneka ndi maso. Ena mwa amene anapulumuka ku Hiroshima ndi ku Nagasaki anayamba kudwala khansa ya m'magazi patapita zaka nkhondo itatha.

M'filimu ya Brickman, machesi amafika m'tauni ndi Dr. John Mathewson, amene mbali yake anasewera John Lithgow. Ndi wasayansi amene wapeza njira yoyeretsera pulutoniyamu kuposa wina aliyense, ndipo boma lamumangira labotale yobisika m'mphepete mwa Ithaca. Pachipata alembapo dzina la Medatomics, kuti odutsa aziganiza kuti ndi kampani ya zachipatala. Bamboyu pofunafuna nyumba akumana ndi mayi ake a Paul, amene ntchito yawo ndi yopezera anthu nyumba, ndipo mtima wake ugwa pomwepo. Pofuna kukopa mayi, aganiza zoyamba ndi mwana: amutenga kukamuonetsa labotale ndi makina ake. Nthabwala ya filimu yonse yagona pamenepa. Chinsinsi cha dziko, chozunguliridwa ndi mipanda, makamera ndi alonda, chatsegulidwa ndi mwamuna wofuna kuoneka bwino pamaso pa mkazi. Paul aona mabotolo a zinthu zobiriwira atandandalikidwa kuseri kwa galasi. Panja atola kaudzu kamene masamba ake amakhala atatu, koma pano kali ndi asanu, ndipo si kamodzi kokha. Mwana wamutu sachita kuuzidwa kuti muno simupangidwa mankhwala.

Usiku wina wa mvula ndi mabingu abwerera ndi chibwenzi chake Jenny, mtsikana wofuna kudzakhala mtolankhani, amene anasewera Cynthia Nixon akadali wamng'ono. Jenny atangwanitsa mlonda ndi vuto lonamizira la galimoto. Paul alowa ndi khadi limene wamubera Mathewson, atenga botolo limodzi, pamalo pake aikapo lina lodzaza shampu wobiriwira, ndipo katunduyo amutulutsa pa kagalimoto koseweretsa koyendetsa ndi rimoti. Kwa kanthawi ndithu, anthu ophunzira kwambiri m'dzikomo, pamodzi ndi asilikali awo, akulondera usana ndi usiku botolo la sopo wotsukira tsitsi.

Chifukwa chimene wachitira zimenezi Paul amachinena mosinthasintha. Pena akuti akufuna kuulula labotale imene boma labisa pafupi ndi nyumba za anthu, pena akuti akufuna kukapambana mpikisano wa sayansi wa ana asukulu mumzinda wa New York. Woonera amaona yekha kuti chenicheni n'chakuti mwanayu angathe, ndipo palibe china chimene chikumusangalatsa. Ngakhale wa mbewa uja, mukamufunsa bwinobwino, si ndiwo zokha zimene zinamutuma. Moto umakoma kuuona ukuthamanga utayatsa wekha.

Pano ine filimuyi ndimasemphana nayo pang'ono. Brickman amamukonda kwambiri mwana wakeyu, mpaka kumukhululukira asanapepese. Munthu walowa ndi bomba la atomu pakati pa mzinda wa anthu mamiliyoni, koma filimu ikufuna kuti timuombere m'manja chifukwa ndi wochenjera ndipo amayankha mosangalatsa. Pabwalo la mfumu sizitero. Akatha kumuseka mwini machesi, makolo a ana aja amalipirabe nkhokwe.

Nanga mwana angapangedi bomba? Filimuyi kwina inanena zoona, kwina inakometsera. Zoona zake n'zakuti nzeru ya kapangidwe si chinsinsi chachikulu monga mmene anthu amaganizira. Mu 1964, labotale ya boma la America ya ku Livermore, ku California, inalemba ntchito anyamata amene anali atangomaliza kumene maphunziro apamwamba a sayansi, osadziwa chinsinsi chilichonse cha zida, n'kuwauza kuti ayese kujambula pulani ya bomba pogwiritsa ntchito mabuku opezeka ndi aliyense. Pofika 1967 anali atajambula pulani imene akatswiri anavomereza kuti ikanagwira ntchito. Mu 1976, John Aristotle Phillips, wophunzira wa pa yunivesite ya Princeton amene magiredi ake sanali odzitamandira nawo, analemba pulani yotere ngati ntchito ya m'kalasi, ndipo nkhani yake inadzaza manyuzipepala. Kukhwatcha machesi mwana aliyense amadziwa.

Chovuta ndi kupeza choyaka. Pa maatomu 1,000 a yureniyamu wokumbidwa pansi, 7 okha ndiwo a mtundu wa 235, ndipo kuwapatula kwa anzawo kumafuna mafakitale akuluakulu ndi magetsi osasimbika. Pulutoniyamu ndiye sakumbidwa n'komwe, amachita kupangidwa m'ng'anjo za nyukiliya. Ntchito yeniyeni imene filimuyi inabwerekako dzina, yopanga mabomba aja a ku Hiroshima ndi ku Nagasaki m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, inafika polemba anthu pafupifupi 130,000 ndi kudya madola 2 biliyoni a nthawi imeneyo. Anamanga mizinda yathunthu ku Oak Ridge, ku Hanford ndi ku Los Alamos, ndipo miyala yambiri ya yureniyamu anaitenga ku mgodi wa Shinkolobwe, ku Katanga m'dziko la Congo. Yureniyamu amene anakumbidwa ku Kayelekera, m'boma la Karonga, kuyambira 2009 mpaka 2014, ankatuluka m'dziko ali ufa wa m'migolo. Ameneyo ndi udzu wauwisi wa mu February, woti ngakhale muuthire bokosi lonse la machesi suyaka. Ulendo wochoka pa ufa umenewo kukafika pa bomba ndi wa boma lolemera, osati wa mwana wa m'galaja ya kwawo.

Brickman anazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake Paul sapanga pulutoniyamu koma amachita kumuba. Pokometsera ndi poti kubako, ndiponso ntchito yotsatira, zikuoneka zophweka ngati kukonza njinga. Koma funso limene filimuyi inaloza ndi lomwe akatswiri a chitetezo amagona nalo mpaka lero, ndipo ndi la nduna ya mfumu lija: machesi asungidwa pati, ndipo akuwasunga ndani?

Amene anayamba kuwayang'ana m'maso osunga machesiwo ndi Stanley Kubrick. Iye ankafuna kupanga filimu yoopsa, yopanda nthabwala, kuchokera m'buku la Peter George la 1958 lotchedwa Red Alert. Polemba anapeza kuti akatsatira bwinobwino mmene zinthu zingayendere, zochitikazo zikungosanduka zopusa zokhazokha, ndiye anangovomera n'kupanga sewero loseketsa. Dr. Strangelove inatuluka mu January 1964, patangotha chaka ndi miyezi yochepa America ndi Soviet Union atatsala pang'ono kuponyerana mabomba chifukwa cha mizinga ya ku Cuba. M'filimuyi mulibe mwana ngakhale mmodzi, koma chibwana chake n'choposa cha Paul. Mkulu wa asilikali, General Ripper, wazungulira mutu ndipo akukhulupirira kuti achikomyunizimu akuwononga mphamvu za amuna kudzera m'madzi akumwa. Mwayekha atumiza ndege za B-52 kukaphulitsa Russia. Pulezidenti ndi nduna zake akhala pa chitebulo chachikulu chozungulira, akukangana ngati ana olimbirana mpira.

Pali chigawo china chimene sichichoka m'mutu. Msilikali wa ku Britain, Mandrake, mmodzi mwa anthu atatu amene Peter Sellers anasewera m'filimuyi, watulukira mawu achinsinsi obwezera ndege zija. Mafoni a pakampu aduka onse, yatsala ya m'kanyumba yoponyamo makobidi, ndipo m'thumba mwake makobidi sakukwana. Apempha kuti a kwa pulezidenti, amene akufuna kuwaimbirawo, alipire okha foniyo, akanidwa. Ndiye auza msilikali wina amene wamugwira kuti awombere makina ogulitsa Coca-Cola kuti atulutse makobidi. Msilikaliyo, mfuti ili m'manja, dziko latsala mphindi zochepa kuti lipse, akuzengereza chifukwa makinawo ndi katundu wa kampani ndipo wina adzayankha mlandu. Awombera monyinyirika, ndipo chakumwacho chimuthovokera kumaso.

Kubrick anasekanso nzeru imene America ndi Soviet Union ankaitcha chitetezo. Aneba awiri aunjika udzu wouma mpaka m'khonde mwa mnzake, aliyense waima ndi machesi m'manja, ndipo akuti umenewu ndiwo mtendere, popeza woyamba kuyatsa naye apsa. M'filimuyi a Soviet apanga makina oti akangoponyeredwa bomba limodzi aphulitse dziko lonse okha, popanda munthu wowaletsa, koma sanauze aliyense. Choopsezera chimene mnzako sakuchidziwa chimuopseza bwanji? Ndege imodzi siimva uthenga wobwerera, ndipo woyendetsa wake, Major Kong, atsika atakwera pabomba ngati pahatchi, akugwedeza chipewa ndi chimwemwe. Udzu wounjikawo sunali wa m'filimu mokha. Mu 1986, chaka chimene filimu ya Paul inatuluka, padziko panali mabomba a nyukiliya pafupifupi 70,000, ndipo chiwerengerochi sichinayambe chaposa pamenepo. Lero alipo pafupifupi 12,000, m'manja mwa maiko 9.

WarGames ndiyo inabweretsa mwana wosowa chochita. David Lightman wa ku Seattle, amene anasewera Matthew Broderick, amalowa m'kompyuta ya sukulu ali kuchipinda kwake n'kudzikwezera magiredi. Tsiku lina, pofunafuna magemu atsopano, aimba manambala mwachisawawa mpaka agwera m'kompyuta ya asilikali, ndipo asankha kusewera nkhondo ya nyukiliya akuganiza kuti ndi gemu. Analowa bwanji? Amene anapanga kompyutayo anadzisiyira khomo la kuseri, ndipo mawu otsegulira anali dzina la mwana wake womwalira. Pulezidenti Ronald Reagan ataionera filimuyi ku Camp David mu June 1983, anafunsa mkulu wa asilikali onse, General John Vessey, ngati zoterezi zingachitikedi. Vessey atafufuza anabwera ndi yankho loti vuto ndi lalikulu kuposa mmene pulezidenti ankaganizira, ndipo mu 1984 Reagan anasainira lamulo loteteza makompyuta a boma. Pa 26 September chaka chomwe filimuyi inatuluka, makina a Soviet anaonetsa kuti America yaponya mizinga. Msilikali amene anali pantchito usiku umenewo, Stanislav Petrov, anaganiza kuti makinawo akunama ndipo anauza akuluakulu ake choncho. Ankanamadi: anasokonezeka ndi kuwala kwa dzuwa pamitambo.

Munthu akawerenga zimene zinachitikadi, olemba mafilimu amaoneka ngati anali aulemu. Mu January 1961 ndege ya B-52 inathyokera m'mlengalenga pafupi ndi Goldsboro, ku North Carolina, mabomba awiri n'kugwera m'minda ya anthu, ndipo limodzi linalephera kuphulika chifukwa cha kaswichi kamodzi. Mu November 1979 munthu wina analowetsa tepi ya maphunziro m'makompyuta a asilikali oyang'anira mlengalenga, makinawo n'kuyamba kuonetsa mizinga ya Soviet ikubwera ngati zenizeni.

Koma nkhani imene imafanana kwambiri ndi ya kutchire ndi ya ku Damascus, kamudzi ka ku Arkansas. Madzulo a pa 18 September 1980, asilikali awiri, wina wa zaka 21 wina wa zaka 19, anatsikira m'chidzenje mosungira mzinga wa Titan II kukakonza zinthu za masiku onse. Soketi ya sipanala, yolemera makilogalamu pafupifupi 4, inapulumuka m'manja, inagwa mamita oposa 20, inanjanja n'kuboola thanki ya mafuta a mzingawo. Usiku wonse anthu anathamangathamanga, akuluakulu akulamula ali kutali pafoni. Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha mzinga unaphulika, chitseko cha konkire cholemera matani oposa 700 chinauluka, ndipo mutu wa bomba, wamphamvu kuwirikiza ka 600 la ku Hiroshima, unaponyedwa kunja n'kukagwera pafupi ndi chipata. Sunaphulike. Msilikali mmodzi anafa, ena oposa 20 anavulala. Tikamati akuluakulu osunga machesi, tizikumbukira kuti amene amawagwira m'manja tsiku ndi tsiku nthawi zambiri ndi anyamata ongochoka kumene kusekondale.

Ndipo nawonso amatopa ndi kusowa chochita. Ntchito yolondera mzinga ndi kukhala pansi pa nthaka maola 24, kudikira lamulo limene aliyense akupemphera kuti lisabwere. Mu 2013 zinamveka kuti asilikali ena a ntchito imeneyi analangidwa chifukwa chogona chitseko chachitetezo chili chotsegula. Mu 2014, pakampu ya Malmstrom ku Montana, ambirimbiri anapezeka kuti ankabera mayeso a ntchito yawo potumizirana mayankho pafoni. Mu August 2007 ndege inanyamuka ku Minot, ku North Dakota, kupita ku Barksdale, ku Louisiana, itanyamula mizinga 6 ya nyukiliya mwangozi, ndipo panatha maola pafupifupi 36 wina asanazindikire kuti pandegepo pali mabomba a nyukiliya. Oyendera analipo ambiri, aliyense akuganiza kuti mnzake waona kale. Mbewa zikachuluka siziika masa.

Munthu sungalire tsiku lililonse chifukwa cha zinthu zotere, ndipo kuziiwala n'koopsanso. Kuseka kumatheketsa kuziyang'anitsitsa kwa maola awiri osathawitsa maso, ndipo kumavula akuluakulu mayunifolomu awo. Kumapeto kwa filimu ya Brickman, wotchi ya bomba itayamba yokha kuwerenga, asilikali amene amafuna kuwombera Paul aja aika mifuti pansi. Aliyense wagwira chodulira waya, thukuta lili kamukamu, akudikira kuti mwana wa sukulu ndi wasayansi wake awauze nthawi yodula mawaya onse pamodzi. Atha bwino, ndipo anthu a m'tauni, amene Jenny wawamemeza, afika pachipata kudzaona chimene boma linawabisira. Filimuyi sinabweze ndalama zimene inadya. Ine ndimaganiza kuti inafika nthawi yolakwika: utsi wa ku Chernobyl unali usanaiwalike, ndipo anthu analibe mtima woseka nawo mwana wosewera ndi pulutoniyamu.

Patapita zaka 8 kunapezeka mwana weniweni. David Hahn, wa zaka 17, wa ku Commerce Township pafupi ndi Detroit ku Michigan, anali wa gulu la masikauti ndipo ankakonda sayansi kuposa china chilichonse. Anasandutsa kashedi ka kuseri kwa nyumba ya mayi ake kukhala labotale, akufuna kupanga ng'anjo yake ya nyukiliya. Ankalembera makalata maofesi a boma ndi makampani akunamizira kuti ndi mphunzitsi wa sayansi, ndipo akuluakulu ankamuyankha mwaulemu, kumufotokozera zimene wafunsa. Tizidutswa ta zinthu za poizoni wa nyukiliya ankatitolera pang'onopang'ono m'katundu wamba wa m'nyumba ndi m'masitolo. Bomba sanaliyandikire n'komwe, ngakhale ng'anjoyo sinatheke, koma makina ake oyezera anayamba kulira ali nyumba zingapo kutali ndi shediyo, ndipo mantha anamugwira. Anaphwasula zonse, zina n'kuziika m'buti ya galimoto yake. Mu August 1994 apolisi anamupeza usiku atalandira lipoti la kubedwa kwa matayala, ndipo atatsegula buti mnyamatayo anawachenjeza kuti asakhudze bokosi la zipangizo.

Mu June 1995 aneba anadzuka n'kuona anthu a boma ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi akuphwasula kashedi kaja ndi macheka. Matabwa ndi zonse zimene anapezamo anazitsekera m'migolo n'kukazikwirira ku chipululu cha ku Utah, pamalo otayira zinyalala za nyukiliya. Mtolankhani Ken Silverstein, amene analemba nkhaniyi mu magazini ya Harper's mu 1998 ndipo kenako m'buku la The Radioactive Boy Scout, anapeza kuti a boma anafika mochedwa. Mayi ake a David, poopa kuti boma liwalanda nyumba, anali atasesa kale zambiri mwa zinthu zoopsazo n'kuzitaya m'bini, ndipo galimoto yotola zinyalala inazinyamula pamodzi ndi za aneba onse.